Mmene mungatsatire mauthenga a maselo a chitetezo pa matenda a TB ndi kuwazindikira mwa wodwala

Wophunzira unamwino kapena udokotala, ngakhalenso mlangizi wa zaumoyo amene amayendera odwala chifuwa chachikulu m'midzi, kawirikawiri amachoka m'kalasi ali ndi chiganizo chimodzi pa nkhani ya chitetezo cha m'thupi, chakuti munthu amadwala TB chitetezo chake chikatsika. Chiganizochi n'choona, koma chimasiya mafunso ambiri amene mudzakumane nawo ku wodi. N'chifukwa chiyani wodwala amene wangoyamba ma ARV amatha kutupa anabere ndi kuyambanso kutentha thupi pamene amaoneka kuti akupeza bwino? N'chifukwa chiyani wodwala amene CD4 yake yatsikitsitsa nthawi zambiri makhololo ake saonetsa tizilombo? Nanga bwanji mankhwala ofooketsa chitetezo amaperekedwa dala kwa munthu amene TB yamulowa mu ubongo? Mayankho ake ali m'mauthenga amene asilikali a m'thupi amatumizirana. Uthenga ukasowa munthu amadwala, ukachuluka mopyola muyeso amadwalanso, ndipo nthawi zina kachilombo kamasokoneza uthengawo kuti kapindule nawo. Njira yotsatirayi ikuthandizani kujambula mauthengawa papepala, kuwatsimikiza mmodzimmodzi, kenaka kuwazindikira mwa munthu amene wakhala patsogolo panu.

Jambulani kaye malo awiri

Tengani pepala lalikulu n'kuligoneka cham'mbali. Kumanzere jambulani kathumba kampweya ka kumapeto kwa mapapo, kumanja jambulani ka lymph node ka m'chifuwa, kamodzi ka tiziwalo tija timene tikatupa timati munthu wachita mwanabere. Pakati siyani mpata waukulu, chifukwa mtunda wa pakati pa malo awiriwa ndi umene umapatsa kachilombo nthawi yokhazikika.

Kachilombo ka Mycobacterium tuberculosis, kamene Robert Koch anakalengeza ku Berlin pa 24 March 1882, kamafika m'kathumbako kali m'timadontho touluka timene wodwala amatulutsa akamatsokomola. Koyamba kukumana nako ndi selo lalikulu lotchedwa macrophage, limene ntchito yake ndi kumeza fumbi ndi tizilombo. Selo limeneli likameza kachilombo wamba limakatsekera m'kachikwama, kenaka limalumikiza kachikwamako ndi kena kokhala ndi asidi ndi timadzi togaya, ndipo kachilomboko kamathera momwemo. Ka TB kamaletsa kulumikizanako, kotero kamakhala ndi moyo mkati mwa selo limene limayenera kukapha. Kamaswana pang'onopang'ono, kamodzi pa maola 15 mpaka 20, pamene tizilombo tina ta m'matumbo timaswana pa mphindi 20 zokha. Kamatulutsanso puloteni yotchedwa ESAT-6 imene imaboola kachikwama kaja. Lembani dzina la ESAT-6 m'mphepete mwa pepala, popeza mudzalifunanso mukafika pa nkhani yoyeza magazi.

Musanajambule muvi woyamba, mvetsani bwino chimene uthenga uli. Maselo salankhulana ndi mawu koma ndi timapuloteni ting'onoting'ono totchedwa ma cytokine. Selo limodzi limatulutsa cytokine, ndipo iyo imakamatira pa cholandirira chake chimene chili pakhungu la selo lina. Ikamatira, mkati mwa selo lachiwirilo mumayamba kusintha, ndipo selolo limayamba ntchito imene silinkachita. Selo limene lilibe cholandirira choyenera silimva kanthu ngakhale uthengawo utalizungulira mbali zonse. Choncho muvi uliwonse umene mujambule ukhale ndi zinthu zitatu: selo lotumiza, dzina la uthenga, ndi selo lolandira. Pali gulu lina la ma cytokine lotchedwa ma chemokine, limene uthenga wake ndi umodzi, wakuti bwerani kuno, ndipo maselo a m'magazi amalondola komwe uthengawo ukuchokera mpaka kufika pamalo pamene pali vuto.

Mivi yoyamba ichokere pa selo la macrophage limene lameza kachilombo. Selo limeneli limazindikira mafuta ndi mapuloteni a pachikopa cha kachilomboko, ndipo limatulutsa ma cytokine otchedwa TNF, IL-1 ndi IL-6 pamodzi ndi ma chemokine. TNF imachititsa kuti timitsempha ta magazi ta pafupi tikhale tomata mkati ndiponso totseguka pang'ono, kuti maselo oyera amene akudutsa aime n'kutulukira m'mapapo. Oyamba kufika ndi ma neutrophil ndi ma monocyte, amene akalowa m'mapapo amasanduka ma macrophage atsopano. Apa pali chinthu chimene ophunzira ambiri amachiphonya, chakuti maselo atsopanowa akafika asanadzutsidwe bwino, nawonso amangosanduka nyumba za kachilombo. Lalita Ramakrishnan ndi anzake anaonetsa zimenezi poyang'ana timwana ta nsomba za zebrafish, timene thupi lake limaonekera mkati, titapatsidwa kachilombo kachibale ka Mycobacterium marinum. Anaona ma macrophage atsopano akumeza zotsalira za anzawo akufa, n'kutenga tizilombo, ena mpaka kuchoka nato kukayambitsa chilonda pena.

Muvi umene umachedwa

Tsopano jambulani muvi wautali wodutsa mpata uja, kuchokera kumapapo kupita ku lymph node. Amene amayenda ulendowu ndi maselo a dendritic, amene amanyamula kachilombo kapena zidutswa zake kukazionetsa kwa maselo a T, mtundu wina wa maselo oyera a m'magazi. Pakati pa maselo a T mamiliyoni ambiri, ochepa kwambiri ndi amene cholandirira chawo chimagwirizana ndi zidutswa za TB, ndipo ayenera kupezeka kaye, kudzutsidwa, kenaka kuswana mpaka atakwana gulu. Pamene selo la dendritic likuonetsa chidutswacho, limatulutsanso IL-12, uthenga umene umauza selo la T la mtundu wa CD4 mtundu wa ntchito imene likagwire. Selo la CD4 limene lamva IL-12 limapita kumapapo kudzera m'magazi, ndipo likapeza macrophage yokhala ndi kachilombo limatulutsa interferon-gamma. Uthenga umenewu ndi umene umadzutsa macrophage kuti iwonjezere asidi m'kachikwama kaja, itulutse zinthu zopha tizilombo, ndiponso ionetse bwino zidutswa kwa maselo ena a T. Macrophage yodzutsidwa imatulutsanso IL-12 yambiri, motero mivi iwiriyi imazungulira n'kumalimbikitsana. Ijambuleni ndi inki yosiyana ndi ina yonse, chifukwa ndiyo msana wa chithunzi chanu.

Pamwamba pa muvi wautaliwo lembani kuti masabata 2 mpaka 8. Imeneyo ndi nthawi imene imadutsa kuchokera pamene munthu wapuma kachilombo kufikira pamene maselo ake a T ayamba kuyankha mooneka. Pa matenda ambiri a mavairasi ulendo womwewu umatha pa sabata imodzi. Kuchedwa kumeneku n'kofunika pa ntchito yanu, popeza munthu amene wakhala ndi wodwala TB m'nyumba masiku khumi okha akhoza kuyezedwa n'kupezeka wopanda chizindikiro chilichonse pamene kachilombo kalowa kale.

Maselo onsewa akasonkhana amapanga kachotupa kotchedwa granuloma. Pakati pamakhala ma macrophage okhala ndi tizilombo, ena ataphatikizana n'kukhala selo limodzi lalikulu, kunja kwake kumazungulira maselo a T ndi a B, ndipo pakapita nthawi pamamera ulusi wa chipsera. Granuloma si khoma loumbidwa kamodzi n'kusiyidwa. Maselo amalowamo ndi kufa tsiku ndi tsiku, ndipo imakhalapo pokhapokha ngati TNF ndi interferon-gamma zikupitiriza kutumizidwa. Bungwe la WHO limayerekeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse padziko lapansi analowedwapo ndi kachilombo ka TB, koma mwa anthu 100 otere ndi 5 mpaka 10 okha amene amadzadwala pa moyo wawo wonse. Kwa ambiri otsalawo mauthengawa amayenda bwino moti sadziwa n'komwe kuti m'chifuwa mwawo munachitikapo kanthu.

Tsimikizani muvi uliwonse poufufuta

Njira yabwino yodziwira ngati muvi uli wofunika ndi kuuphimba ndi chala n'kudzifunsa chimene chimachitikira munthu amene alibe uthengawo. Mwamwayi, pa mivi ikuluikulu pali umboni wochokera kwa anthu enieni, osati kwa mbewa za mu labotale zokha.

Phimbani interferon-gamma. Mu 1996 madokotala a ku London anafalitsa zimene anapeza mwa ana anayi a m'mudzi wina ku Malta, amene ankadwala kwambiri ndi tizilombo tachibale ta TB topezeka m'dothi ndi m'madzi, timene anthu ambiri sitiwadwalitsa. Anawo anabadwa ndi cholandirira cha interferon-gamma chosagwira ntchito. Maselo awo a T ankatumiza uthenga, koma ma macrophage sankaumva. Kuyambira pamenepo apezeka ana ena m'mayiko osiyanasiyana amene vuto lawo lili pa IL-12 kapena pa cholandirira chake, ndipo ena mwa iwo amadwala ngakhale ndi katemera wa BCG amene. HIV imaphimba muvi womwewu mwa njira ina, popha maselo a CD4 amene amatumiza uthengawo, ndipo n'chifukwa chake munthu amene ali ndi HIV ali pa chiopsezo chodwala TB kuposa ka 10 poyerekeza ndi amene alibe.

Phimbani TNF. Mu 2001 ku America kunafalitsidwa lipoti la odwala 70 amene anadwala TB atalandira infliximab, mankhwala otseka TNF operekedwa kwa odwala nyamakazi yotupitsa mfundo ndi matenda ena otupitsa matumbo. Ambiri anadwala patangopita miyezi yochepa, ndipo 40 mwa iwo TB inali kunja kwa mapapo, zimene zikusonyeza kuti ma granuloma amene ankaisunga anaphwasuka. Masiku ano wodwala aliyense amayezedwa TB asanayambe mankhwala a mtundu umenewu.

Mukamaliza kufufuta, chitani zosiyana nazo pojambula mivi yomweyo monenepa kwambiri. Mfuu ikakuwidwa usiku kuti kwalowa wakuba, anthu akapanda kubwera mwininyumba amaberedwa, koma akabwera mudzi wonse mopanda wowaletsa amathyola chitseko ndi mpanda, n'kuwononga zambiri kuposa zimene wakubayo akanatenga. M'mapapo zimatero ndithu. TNF ikachuluka imapha ma macrophage mowaphulitsa, ndipo tizilombo timatayikira panja pamene timaswana mofulumira. Ma neutrophil amadzadza pamalopo n'kufera pomwepo, pakati pa granuloma pamasanduka phala loyera la maselo akufa, ndipo timadzi togaya ulusi wa mapapo, makamaka MMP-1, timaboola mpaka phalalo litatsikira m'njira ya mpweya. Pamatsala bowo limene limaoneka pa X-ray kumtunda kwa mapapo. Ine ndimaona kuti mfundo iyi ndi imene wophunzira aliyense ayenera kuigwiritsa: bowo limene limachititsa wodwala kutsokomola magazi ndi kupatsira anzake limakumbidwa ndi maselo ake omwe, ndipo kachilombo kamafuna chitetezo champhamvu choterocho kuti kapeze njira yotulukira.

Pachithunzi chanu onjezerani mivi iwiri yoziziritsa, IL-10 ndi TGF-beta, imene imauza ma macrophage ndi maselo a T kuti achepetse ukali. Popanda imeneyi mapapo akanawonongeka msanga, koma ikachuluka imagoneka maselo pamene tizilombo tikadalipo. Onjezeraninso interferon ya mtundu woyamba, imene thupi limagwiritsa ntchito polimbana ndi mavairasi. Kachilombo ka TB kakaboola kachikwama kaja ndi ESAT-6, selo limayankha ngati kuti lalowedwa ndi vairasi n'kutulutsa interferon imeneyi, imene ikachuluka imafooketsa IL-1 ndi kuchititsa ma macrophage kusamva bwino interferon-gamma. Mu 2010 gulu la Anne O'Garra linayeza magazi a odwala TB a ku London ndi ku Cape Town, n'kupeza kuti maselo awo, makamaka ma neutrophil, ankaonetsa chizindikiro chachikulu cha mauthenga a interferon, chimene chinkakula malinga ndi kukula kwa matenda pa X-ray ndipo chinkazilala munthu akamamwa mankhwala. Samalani kuti musasokoneze ma interferon awiriwa polemba mayeso kapena pophunzitsa ena, chifukwa mayina ake ndi ofanana koma ntchito zake pa TB nthawi zambiri zimatsutsana.

Pitani nacho chithunzicho kwa wodwala

Mafunso anayi amene mumafunsa tsiku lililonse, a chifuwa, kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuonda, atatu mwa iwo akufunsa za ma cytokine. IL-1, IL-6 ndi TNF zikalowa m'magazi zimafika ku mbali ya ubongo imene imayang'anira kutentha kwa thupi n'kuikweza, ndipo kutenthako kukamatsika usiku munthu amadzuka zofunda zitanyowa. TNF imachotsa chilakolako cha chakudya ndi kusungunula mafuta ndi minofu, choncho bambo amene akuti lamba wake wamuboolanso kawiri chibwerereni mvula akukuuzani za uthenga umene wakhala ukuyenda m'magazi mwake kwa miyezi. IL-6 imapita kuchiwindi n'kuchiuza kuti chitulutse CRP, puloteni imene imachuluka m'magazi m'thupi mukakhala kutupa, komanso hepcidin imene imatsekera ayironi m'maselo kuti tizilombo tisampeze. Mukatsegula chikope cha wodwala TB n'kupeza choyera, kumbukirani kuti kuchepa kwa magaziko nthawi zambiri kumachokera pamenepa, ndipo kumasintha TB ikamachiritsidwa. Mu 2021 WHO inavomereza kuyeza CRP ngati njira imodzi yofufuzira TB mwa anthu amene ali ndi HIV, ndipo ikapitirira 5 mg pa lita munthuyo amayezedwanso TB mwatsatanetsatane.

Wodwala amene CD4 yake yatsika kwambiri muyang'aneni ndi chithunzi chimene muvi wa interferon-gamma wafufutidwa. Ma granuloma ake samangika bwino, mabowo sakumbika kawirikawiri, motero makhololo amakhala ndi tizilombo tochepa ndipo X-ray itha kuoneka ngati yabwino pamene tizilombo tafalikira m'magazi, m'chiwindi, m'kapamba ndi m'impso. Musamubweze kunyumba chifukwa chakuti makhololo sanaonetse kanthu. Kwa munthu wotere kuyeza mkodzo ndi LAM kumathandiza, chifukwa kumapeza chidutswa cha chikopa cha kachilombo chenichenicho, ndipo kumagwira bwino pamene chitetezo chatsikitsitsa. Kafukufuku wa STAMP, amene anachitikira pa Zomba Central Hospital ndi pa Edendale Hospital ku South Africa n'kufalitsidwa mu 2018, anaonetsa kuti kuyeza mkodzo wa odwala HIV ogonekedwa kumapeza odwala TB ambiri kuposa kudalira makhololo okha.

Wodwala yemweyo akayamba ma ARV, muvi wofufutidwa uja umabwerera mwadzidzidzi n'kupeza tizilombo ndi zidutswa zake zili mbwee m'thupi. Ma cytokine amatuluka ochuluka nthawi imodzi, ndipo patapita pafupifupi masabata awiri munthu amatentha thupi, anabere a m'khosi amatupa mwina mpaka kuchita mafinya, chifuwa chimabwerera. Vutoli limatchedwa IRIS. Musanalitchule dzina limeneli funsani ngati wodwalayo akumwadi mankhwala, ndipo dokotala aone ngati TB yake si yosamva mankhwala kapena ngati sipanalowe matenda ena. Chachikulu n'chakuti wodwala asasiye yekha ma ARV kapena mankhwala a TB, ndipo muchenjezeni za vutoli tsiku limene akuyamba, osati litachitika kale. Kafukufuku wa PredART wa ku Khayelitsha, Cape Town, amene anafalitsidwa mu 2018, anapereka prednisone, mankhwala ofooketsa chitetezo, kwa masabata anayi kwa odwala a CD4 yosapitirira 100 pamene ankayamba ma ARV, ndipo IRIS inachepa ndi pafupifupi 30 peresenti. Mankhwala amenewa ndi a dokotala yekha kulamula, popeza amakulitsa matenda ena monga khansa ya Kaposi.

TB ya mu ubongo, imene imabwera ndi mutu wosaleka, kuuma khosi ndi kusokonezeka maganizo, ndi pamene kuchuluka kwa mauthenga kumapha msanga, chifukwa chigaza sichipereka malo oti kutupa kufutukukire. Mu 2004 kafukufuku wa odwala 545 ku Ho Chi Minh City, Vietnam, anapeza kuti kuonjezera dexamethasone, mankhwala ena ofooketsa chitetezo, pa mankhwala a TB kunachepetsa imfa. Malangizo a WHO amati ma ARV ayambe pasanathe masabata awiri chiyambireni mankhwala a TB, kupatula pa TB ya mu ubongo pamene, pa chifukwa chomwechi cha kutupa, amadikira masabata 4 mpaka 8.

Werengani zoyeza monga mauthenga

Kuyeza kwa pakhungu kwa Mantoux ndi kufunsa maselo a T ngati akuikumbukira TB. Bayani 0.1 ml ya tuberculin, timadzi tokhala ndi mapuloteni a kachilombo ka TB, m'kati mwa khungu lenileni la mkono, singano itagona, kuti patuluke kotupa koyera kooneka timaenje. Ngati maselo okumbukira alipo, amabwera pamalopo n'kutulutsa interferon-gamma ndi TNF, ndipo ma macrophage amasonkhana mpaka khungu litauma. Zimenezi zimatenga nthawi, n'chifukwa chake mumawerenga pakati pa maola 48 ndi 72. Musayeze kufiira. Yendetsani nsonga ya chala kapena ya bolopeni kuchokera pakhungu labwino mpaka itagunda m'mphepete mwa pouma, chongani mbali zonse ziwiri mopingasa mkono, kenaka yezani ndi rula n'kulemba mamilimita enieniwo. Kawirikawiri mamilimita 10 ndi amene amatengedwa kuti munthu anakumanapo ndi kachilombo, koma kwa amene ali ndi HIV kapena mwana wonyentchera kwambiri malire ndi mamilimita 5, popeza uthenga wawo ndi wofooka.

Kuyeza kwa magazi kotchedwa IGRA kumafunsa funso lomwelo m'botolo. Pa QuantiFERON-TB Gold Plus magazi amathiridwa m'timachubu tinayi. Koyamba kalibe kanthu ndipo kamaonetsa interferon-gamma imene inalimo kale, tiwiri tili ndi zidutswa za ESAT-6 ndi CFP-10 (puloteni ina ya kachilombo ka TB), ndipo kachinayi kali ndi mankhwala odzutsa maselo a T onse pofuna kutsimikiza kuti ali moyo ndipo angathe kuyankha. Timachubu timasungidwa pa madigiri 37 kwa maola 16 mpaka 24, kenaka amayeza interferon-gamma, ndipo malire ake ndi 0.35 IU pa ml mutachotsera ya m'kachubu koyamba. Kachubu kachinayi kakapanda kuyankha, zotsatira sizitanthauza kuti munthuyo alibe kachilombo, koma kuti maselo ake alephera kuyankha funso lililonse. Ubwino wa IGRA ndi wakuti BCG ilibe ESAT-6 ndi CFP-10, choncho katemera wa paubwana sasokoneza zotsatira monga amachitira nthawi zina pa Mantoux.

Zoyeza ziwirizi sizisiyanitsa munthu amene akudwala TB ndi amene anangokumanapo ndi kachilombo, ndipo sizigwiritsidwa ntchito potsimikiza kuti wodwala wachira. Wa zizindikiro ayezedwe makhololo ndi makina a GeneXpert, amene amafufuza kachilombo kenikeniko.

Zimene chithunzicho sichikulonjeza

Pali chiyeso choganiza kuti popeza interferon-gamma ndi yofunika, kuichulukitsa ndiko kuteteza munthu. Umboni sukuvomereza zimenezo. Katemera woyeserera wa MVA85A anadzutsa maselo a T otulutsa interferon-gamma mwa makanda a ku South Africa, koma zotsatira za mu 2013 zinaonetsa kuti sanawateteze kuposa BCG yokha. Boma la Karonga lili ndi mbali yake pa phunziro limeneli. Pakati pa 1986 ndi 1989 anthu oposa 120,000 kumeneko analowa m'kafukufuku wa Karonga Prevention Study, ndipo zotsatira za mu 1996 zinaonetsa kuti kubwereza BCG kunateteza anthu ku khate koma osati ku TB ya m'mapapo, pamene ku Britain katemera yemweyo anali atateteza bwino achinyamata. Mu 2002 ofufuza anayerekeza magazi a achinyamata a ku Karonga ndi a ku Britain. Ambiri a ku Karonga maselo awo ankatulutsa kale interferon-gamma asanalandire katemera, chifukwa chokumana ndi tizilombo tachibale ta m'dothi ndi m'madzi, ndipo BCG inangoonjezera pang'ono, pamene a ku Britain anayamba ali pansi n'kukwera kwambiri. Izi zisakuchititseni kunyozera BCG pamaso pa makolo, chifukwa mwa makanda imateteza ndithu ku TB ya mu ubongo ndi TB yofalikira thupi lonse, imene ndiyo imapha ana aang'ono.

Vitamini D ndi chitsanzo china. Mu 2006 zinaonetsedwa mu labotale kuti macrophage ikazindikira kachilombo imagwiritsa ntchito vitamini D popanga puloteni yopha tizilombo, koma ana asukulu oposa 8,000 a ku Ulaanbaatar, Mongolia, atapatsidwa vitaminiyu kwa zaka zitatu sanatetezeke kuposa anzawo. Chakudya chenicheni ndiye chinaonetsa mphamvu. Mu kafukufuku wa RATIONS ku Jharkhand, India, amene anafalitsidwa mu 2023, achibale okhala nyumba imodzi ndi odwala TB anapatsidwa chakudya choonjezera mwezi ndi mwezi, ndipo kudwala TB pakati pawo kunachepa ndi pafupifupi 40 peresenti. Maselo a T amene akuswana amafuna mapuloteni ndi mphamvu, choncho funso la zimene banja ladya dzulo ndi funso la zachipatala, monganso kufunsa za matenda a shuga, fodya ndi mowa.

Pofotokozera banja

Wodwala ndi omudwazika safuna mayina a ma cytokine, koma amafuna kumva chifukwa cha zimene akuona. Kwa mayi amene mwamuna wake akuyamba ma ARV ali pa mankhwala a TB mungathe kunena kuti: "Amayi, asilikali a m'thupi mwa bambowa akayamba kubwerera atha kuyamba ndi ukali, ndipo mutha kuona kutentha thupi kapena kutupa m'khosi. Zikatero musasiyitse mankhwala, koma mubwere nawo tsiku lomwelo." Kwa amene akufuna kusiya mankhwala pa mwezi wachiwiri chifukwa thupi layamba kubwerera, fotokozani kuti kutentha ndi kuonda kwatha chifukwa tizilombo tachepa ndipo mauthenga azizira, koma tina tabisala m'kati mwa phala la m'ma granuloma mmene timagona osaswana ndipo mankhwala amalowamo movutikira, n'chifukwa chake miyezi 6 iyenera kukwana.

Funsani nthawi zonse amene akugona nyumba imodzi ndi wodwalayo, makamaka ana osakwana zaka 5, amene maselo awo sanakhwime kutumiza IL-12 ndi interferon-gamma mokwanira, komanso achibale amene ali ndi HIV. Akapezeka kuti sakudwala TB, amenewa ndi oyenera mankhwala oteteza, kaya isoniazid wa tsiku ndi tsiku kwa miyezi 6 kapena 3HP, imene ndi isoniazid ndi rifapentine kamodzi pa sabata kwa masabata 12, malinga ndi msinkhu wa munthu ndi malangizo a chipatala chanu. Ena adzakufunsani za katemera watsopano amene amva pa wailesi. Auzeni kuti M72/AS01E anayesedwa mwa akuluakulu ku Kenya, South Africa ndi Zambia, ndipo zotsatira za mu 2019 zinaonetsa kuti anachepetsa ndi theka kudwala TB ya m'mapapo mwa amene anali kale ndi kachilombo. Gawo lachitatu la kafukufukuyu linayamba mu 2024, ndipo Malawi ndi Zambia ali m'gulu la mayiko amene akutenga nawo mbali. Katemerayu sanayambe kuperekedwa m'zipatala, choncho khanda lililonse lilandirebe BCG likangobadwa, ndipo mulembe tsiku lake m'buku la kusikelo.